Mwaichita chiyani nsomba ya Mulungu?

Khalani pansi nonse. Iwe wa chipewa chotembenuza, chotsa timawaya m'makutumo. Nawe mdzukulu, mkazi wanga wamng'ono, usandimwetulire, lero sindinabwere ndi nkhani ya ukwati wathu, ndabwera ndi mlandu.

Mlandu wake ndi uwu. Munachoka kuno ku Neno ndi madalitso anga komanso ndalama za mbatatesi za amayi anu. Munatsika mpaka pa Zalewa, munadutsa Balaka, Liwonde, Mangochi, mpaka kukafika ku Cape Maclear. Kumeneko munakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, mafoni munawatsekera m'timatumba tapulasitiki tija, chubwi m'madzi, n'kujambula mbuna. Mpaka pamenepo ndilibe nanu mawu. Koma chimene mwaponya pa gulupu ya banja pa WhatsApp n'chiyani? Nsomba yapepo. Mwala wapinki. Madzi biriwiri, owawa m'maso. Azakhali anu ku Johannesburg afunsa kale ngati m'nyanjamo mwathiridwa mankhwala. Agogo anu aakazi ataona mmene dzanja lako, iwe wachisamba, lafiirira psuu pachithunzipo, anayamba kufunafuna nsapato kuti tithamangire nawe kuchipatala.

Ndikumva zimene mukunong'onezanazo, zakuti tsobola wakale sawawa, agogo angadziwe chiyani za foni. Mundifunse bwino. Ine ndinajambula maukwati ndi maubatizo kuyambira ku Matandani mpaka ku Lisungwi, kamera pakhosi, njinga pansi, Neno asanakhale boma payekha. Zimenezo zinadzachitika mu 2003, kale tinkawerengedwa ku Mwanza. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi. Ukaimaliza unkapatsira munthu wopita ku Blantyre kuti akatsukitse, iwe n'kumagona mtima uli m'mwamba poopa kuti mwina mkwatibwi anatsinzina. Munthu unkayamba waganiza usanadine. Inu mumayamba kudina, kuganiza mumasiyira filita. Ndipo musaone makwinyawa, pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed ili m'foni mwangamu.

Tsono tcherani khutu, chifukwa muzu wa mlandu uli apa. Mukukonza chinthu chimene simukudziwa kuti chinaonongeka bwanji.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse ya utawaleza. Kukangolowa m'madzi, madziwo amayamba kumeza mitunduyo umodziumodzi. Woyamba kumezedwa ndi wofiira, pofika mamita 5 umakhala utatsala wochepa zedi. Kenako wa olenji, cha m'ma mamita 10. Wachikasu umalimbikira mpaka cha m'ma 20. Wobiriwira ndi wabuluu ndiwo amatsala okha kutsikira pansi. N'chifukwa chake munthu wosambira pansi kwambiri akadzicheka chala pamwala, magazi ake amaoneka obiriwira moderako. Diso lanu likakhala m'madzimo, ubongo umakuchitirani chifundo, umadzazako pang'ono mitundu yosowayo. Kamera ilibe chifundo chimenecho. Imalemba zimene yalandira, ndiye chithunzi chimatuluka chabuluu kapena chobiriwira, mbuu.

Ndipo musamangowerenga kuya kokha. Kuwala kumatsika kuchoka pamwamba kufika pa nsomba, kenako kumachoka pa nsomba kubwera ku kamera, ndipo madzi amakumeza m'maulendo onse awiri. Nsomba ikakhala mamita 2 pansi, iwe n'kuima mamita 3 kuchokera pomwe ilipo, kuwalako kwayenda mamita 5, kufiira kwapita. Chinanso chimene chimakupusitsani ndi magalasi osambirira aja. Zinthu za m'madzi zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuposa mmene ziliri, ndiponso zimaoneka zoyandikira. Iwe umati ndafika, pomwe nsomba ikadali patali.

Ntchito ya wokonza chithunzi ndi kubweza zimene madzi anameza. Yomweyo basi. Zimene Mulungu sanaikemo si zako kuti uwonjezere.

Mumve mmene anzanu akale anavutikira kuti mtundu weniweni wa nsomba uoneke. Mfalansa wina, Louis Boutan, ankajambula pansi pa nyanja ku Banyuls-sur-Mer mu 1893 ndi chibokosi cholemera, ndipo zithunzi zake zinali zopanda mitundu. Zokhala ndi mitundu zinadzabwera mu 1926, pamene W. H. Longley ndi Charles Martin anakajambula nsomba ku Dry Tortugas, kufupi ndi Florida. Kuti kuwala kufike pansi, ankayandamitsa chiphaka pamwamba pa madzi, n'kuikapo ufa wa magnesium, n'kuuphulitsa. Anthu akuluakulu, ophunzira, kumasewera ndi zophulika pofuna kuti nsomba imodzi ioneke mmene ilili. Zithunzizo zinatuluka mu National Geographic mu 1927. Inu mwapatsidwa zonsezo m'kanthu kolowa m'thumba la jinzi, ndiye mwasankha kupanga nsomba yapepo. Ndikanakhala wolira msanga, bwenzi pano mukundipatsa mpango.

Musanakhudze batani lina lililonse, yambani ndi white balance. Mu Snapseed ilimo, mu pulogalamu inzake ya Lightroom ilimo. Mukatsegula mupeza kachizindikiro kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Katengeni mukaike pa chinthu chimene mukudziwa kuti kumtunda chimakhala choyera kapena chotuwa: mchenga, mwala wotuwa, mimba yoyera ya nsomba. Pulogalamuyo imati, ahaa, ngati ichi n'choyera ndiye kuti buluu wachuluka mwakuti, n'kuchotsa buluuyo pachithunzi chonse. Musakaike pamene dzuwa lawala kwambiri mpaka poyera mbee, pamenepo papsa, palibe chimene kangawerenge. Akatswiri osambira pansi amanyamula kabolodi koyera n'kukajambula kaye pa kuya komweko kuti akafike nako pokonza. Inu kabolodi mulibe, koma chivundikiro choyera cha ndowa ya amayi anu chingagwire ntchito yomweyo, bola mukachibweze.

Kodonthezerako kakakusiyani panjira, malizani ndi dzanja. Pali mizere iwiri yokoka ndi chala. Temperature imachotsa kuzizira kwa buluu n'kubweretsa chikasu. Tint imalimbana ndi kubiriwira, mukaikokera ku magenta. Madzi a ku Thumbi amakhala pakati pa buluu ndi kubiriwira, ndiye mizere yonse iwiri imafunika, koma pang'onopang'ono. Maso anu akhale pa mchenga. Ukangoyamba kuoneka wapinki, mwapyola, bwererani. Mwala wako uja, iwe wa timawaya, unaupha ndi Tint. Unakoka mpaka kumapeto kwa mzere ngati pali mphoto kumeneko.

Za madzi a kuno kwathu ndinene mwachidule. Dziwe la mumtsinje wa Lisungwi kapena Mkulumadzi m'chilimwe, cha mu Seputembala ndi Okotobala, limadikha, ndipo kubiriwira kwake Tint imakwanitsa. Koma mu Febuluwale, madzi ali matope okhaokha ochokera m'minda ya kumapiri, musavutitse foni. Palibe pulogalamu imene imasefa matope.

Tsopano nkhani yowawa. Chimene kamera sinalandire, simungachibweze. Chithunzi cha JPEG, chimene mafoni ambiri amatulutsa, chimasunga masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, zotsalazo foni imataya isanakufunseni. Ngati kufiira kunafika kochepa, n'kutayidwanso kwina, mukakakamiza kukukweza mumangopeza timadontho tofiirira tili balala ndi madzi odukaduka mizeremizere. Chithunzi cha RAW chimasunga masitepe ambiri kuposa apo, ndipo white balance mumatha kuisintha momasuka mutafika kunyumba. Mafoni ena ali nayo mukalowa pa Pro, Snapseed imatsegula mafayilo ake a DNG. Amene foni yake ili nayo, aitsegule asanalowe m'madzi. Amene alibe, asalire, angoyandikira nsomba ndi kukhala pamadzi osaya. Ndipo chithunzi chikakanika ndithu, chisandutseni chakuda ndi choyera. Mbuna ya mizere pamwala imakongola bwino popanda mtundu uliwonse, ndipo palibe amene mwamunamiza. Maukwati a makolo a anzanu ambiri ali m'zithunzi zotero, mabanjawo alipobe.

Mitundu ikakhala m'malo, chotsatira ndi chifunga chija chimene chimachititsa chithunzi kuoneka chotuwa. Madzi amamwaza kuwala, ndiye chakuda sichida kwenikweni, choyera sichiyera kwenikweni. Mu Lightroom tsitsani Blacks pang'ono mpaka mphanga za pansi pa miyala zide bii, kenako kwezani Whites. Muli Dehaze, imene inapangidwira chifunga cha kumtunda koma m'madzi imathandizanso. Muisamale, imadetsa buluu mwamsanga ndipo imaonetsa zinyalala zonse zimene zinabisala. Mu Snapseed tsegulani Curves, mzere uja muukhotetse pang'ono, kumunsi utsike, kumtunda ukwere. Ndati pang'ono. Ndikudziwa kuti mawu amenewa m'badwo wanu sumawamva, n'chifukwa chake ndikuwabwereza.

Tifike pa timadontho toyera timene tadzaza zithunzi zako, mkazi wanga. Unati ndi thovu. Si thovu ayi. M'madzi mumayandama tizinyalala, mchenga, ndi nyenyeswa za buledi amene anyamata a boti amamwaza kuti nsomba zibwere. Iwe unayatsa fulashi, ndipo pafoni fulashi imakhala pafupi kwambiri ndi diso la kamera, ndiye kanyalala kalikonse kanabweza kuwala molunjika. Akatswiri amaika nyale zawo pa timikono totalika cha m'mbali kuti madzi a pakati pa kamera ndi nsomba asawale. Pafoni mankhwala ake ndi kuzimitsa fulashi basi. Timene talowa kale, mumachotsa ndi Healing: kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri, dinani kadontho kamodzikamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapaka chala chonse pamalo aakulu, pulogalamu imakopera zinthu za pambali, nsomba n'kumera diso lachiwiri pamsana. Amene ali ndi kompyuta, mu Photoshop muli Dust & Scratches. Mumapanga kope lachiwiri pamwamba pa chithunzi, n'kuigwiritsa ntchito pa madzi okha, nsomba n'kuisiya. Wopanda ndalama za Photoshop atsitse GIMP, ndi yaulere.

Koma pali tchimo limodzi limene sindikhululuka msanga, ndipo mwini wake akudzidziwa, ndi uyo wayang'ana pansiyo. Pa chipsepse chapansi, chakumchira kwa mbuna yaimuna, pamakhala timadontho tachikasu tozungulira. Iwe unatiyesa zinyalala, n'kutifufuta tonse mwaukhondo. Mwana iwe! Timadontho timeneto timafanana ndi mazira. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndiye ikaona timadontho tija imayesa kutitolanso, pamenepo mbewu ya yaimuna imalowa m'kamwamo n'kukumana ndi mazira. Anawo amaswera m'kamwa mwa mayi wawo, iye osadya bwino masabata angapo. Ndiye iwe ndi chala chimodzi wachotsa ubambo wa nsomba yosalakwa, pamaso pa banja lonse mpaka ku Johannesburg.

Za Saturation ndiyankhula ndi nonse, chifukwa apa palibe woyera. Saturation ndi mchere. Ndiwo zopanda mchere n'zozizira, inde, koma wokhuthulira chikho chonse mumphika sitimutcha wodziwa kuphika. Choipa chake n'chakuti imakweza mitundu yonse pamodzi, ndiye buluu amene anachuluka kale ndi amene amakuwa kwambiri. Mu Lightroom gwiritsani ntchito Vibrance, imene imayamba kukweza mitundu yofooka. Kuposa apo, lowani mu Color Mix mugwire mtundu umodziumodzi. Chikasu cha pa chipsepse mukweze, buluu wa madzi mumutsitseko. Mu Snapseed muli Selective, mumaika kadontho pa nsomba n'kuiwalitsa yokha, madzi n'kukhala mmene analili. Khungu la munthu likhale mboni yanu. Ngati dzanja la mdzukulu wanga, amene ndikumudziwa kuyambira ali m'chikuta, lasanduka lofiira, ndiye kuti nsomba nayonso mwainamizira.

Mukuti kodi zili ndi kanthu, poti ndi nsomba chabe? Zili nako. M'nyanja imeneyi muli mitundu ya nsomba mazanamazana, ena amati ikuyandikira 1,000, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Malo munasambirawo ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha tinsomba timeneti. Mbuna zimakonda miyala, sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye chilumba chilichonse chili ndi zakezake. Akatswiri amazisiyanitsa poyang'ana mtundu, mizere ndi madontho. Ku Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, kuli kambuna kotchedwa saulosi. Yaimuna ndi yabuluu ya mizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu, moti wosadziwa angati ndi nsomba ziwiri zosiyana. Katswiri wina, Ad Konings, wathera zaka zambiri akusambira m'nyanja yathuyi, kujambula ndi kulemba mabuku a nsombazi, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America amazisunga m'magalasi m'nyumba zawo chifukwa cha mitundu yomweyi. Alendo akuoloka nyanja zamchere kudzaona buluu weniweni wa mbuna, mwini dziko wa ku Neno akumupaka pepo.

Za dolofini ija sindikufuna n'komwe kutaya malovu. Mng'ono wanu anauza AI kuti imuikire dolofini kumbuyo kwake pachithunzi. Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, mulibe dolofini, mulibe shaki. Muli kampango, chambo, usipa, mcheni, akatumbu, ndi nkhwazi pamwamba. Zikakuchepera, upite ku Beira.

Chomalizira pokonza ndi kunola. Yambani mwachepetsa timchenga timene timadzaza m'malo amdima, mu Lightroom ndi Noise Reduction, kenako Sharpening pang'ono, makamaka pa diso ndi mamba a nsomba. Mukanola madzi mumangonola zinyalala. Structure ya mu Snapseed imatulutsa bwino maonekedwe a mwala, koma pankhope ya munthu imakalambitsa, ndipo ukalamba m'banja muno ndi udindo wanga. Dulani m'mbali kuti chidendene cha mnzanu chichoke pakona, ndipo kutsogolo kwa nsomba musiyeko malo oti ilowere. Mukatha, ikani foni pansi, mukamwe madzi, mubwerenso mudzayang'ane. Diso likakhalitsa pa sikilini limazolowera bodza. Dinani chala pachithunzi kuti muone mmene chinalili poyamba. Ngati mwadzidzimuka, mwapyola.

Zambiri mwa ntchito zimenezi mukanazipewa muli m'madzi momwemo. Jambulani dzuwa lili pamutu, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, pamene kuwala kumalowa molunjika. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Yandikirani mpaka nsomba ikhale pamene mkono ungafike. Mbuna za ku Thumbi sizithawa anthu, wothawa ndi inu. Lekani kupalasa miyendo pamchenga, mumavundula madzi kenako n'kumatukwana foni. Timatumba tapulasitiki tija muziyamba mwatiyesa m'ndowa muli kapepala m'kati, chifukwa ngakhale mafoni odula amene amati salowa madzi, ambiri anawayesa pa mamita 1.5 kwa mphindi 30 zokha, ndipo ine mbuzi yogulitsa kuti ndigule foni ina ndilibe. Nonse amene munasamba ku Cape Maclear mukapite kuchipatala akakuoneni za likodzo, nkhono zake ziliko ndipo sizioneka pa chithunzi.

Ndamvanso mphekesera yakuti wina akufuna kukajambula pansi pa madzi mu Shire, cha ku Matope kapena pamlatho wa Zalewa, poti ndi madzi a nyanja yomweyo ndipo ndi pafupi. Zoona, ndi omwewo, amatuluka ku Mangochi, kudutsa Malombe, n'kudzazungulitsa makina a magetsi pa Nkula ndi Tedzani. Koma mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo pamenepo ndasiya nthabwala. Amene adzaviike phazi mmenemo chifukwa cha chithunzi, asadzanditchulenso agogo.

Chigamulo changa nachi. Nsomba yapepo ichoke pa gulupu lero dzuwa lisanalowe, ndipo mwini dolofini akapepese kwa azakhali ake. Aliyense abwerere ku chithunzi choyambirira, ngati simunachifufute ndi nzeru zanuzo, ayambirenso: white balance, chifunga, zinyalala, mitundu, kunola, m'ndondomeko imeneyo. Timadontho tachikasu tibwerere pa chipsepse. Mukatha munditumizire ngati document, chifukwa WhatsApp ikatumiza mwachizolowezi imafinya chithunzi mpaka mamba osaoneka. Chimene ndichivomereze tikachitsukitsa ku Blantyre chikhale pakhoma pabalaza. Chindapusa ndi bandulo ya sabata imodzi kwa aliyense, muike m'foni mwangamu Loweruka lisanafike.